Belu la Masana ku Yalbering

Kwa Amonke, Yalbering
18 Novembala 1956

Mlongo wanga Cyril,

Ndikhulupirira uli bwino kuchipululu kwakoko ndipo ntchentche sizinakumalize. Kalata yako yathayi inali yaifupi ngati mchira wa nkhosa yodula. Kodi pepala limavuta kunjanjiko? Ife kuno tilipo. Tirigu wacha, ndipo msuweni wathu Wal akuti atithandiza kukolola akamaliza wa kwawo.

Ndili ndi nkhani yosakoma. Lachiwiri m'mawa ndili kukhola, Bambo analowa m'nsanja n'kuyamba kuliza belu mosalekeza. Ukudziwa mmene chigwa chino chimamvera belu limeneli: likalira masana, katatu katatu, ndiye kuti kwa Amonke kuli mtendere, koma likalira mosalekeza ndiye kuti moto wolusa. Anthu anasiya makina ali pakati pa minda. Anabwera ndi malole, migolo ya madzi ndi masaka onyowa, fumbi lili koboo. Anapeza Bambo atavala jekete ya kutchalitchi, akumwetulira, akuti mkulu wa amonke akubwera kudzalawa vinyo ndiye ayenera kulandiridwa. Amonke amene anachoka kuno iwe usanayambe n'kuyenda komwe!

Palibe anawakalipira. Koma a Dawes, pokwera lole yawo, anati, "Matt, tsiku lina tidzamva belu lakoli ife n'kumangopitiriza kumwa tiyi." Anaseka, ine sindinaseke.

Mutu wa Bambo ukutha, Cyril. Dzulo anandiitana dzina la malemu Mayi, n'kundifunsa ngati ana agona. Makiyi ndimawapeza m'chitini cha shuga. Chinthu chimodzi chokha chimene salakwitsa ndi belu la masana. Safuna wotchi. Amangoyang'ana mthunzi wa chipupa cha nyumba yofinyira maolivi, n'kuvula chipewa, n'kupita.

Ndikuopa. Sindinakuuzepo zimenezi chifukwa ndine wamkulu, koma ndikuopa. Nyumba ino anaimangira amuna ambiri, ndipo tatsalamo awiri, wina sakudziwa chaka chimene tili. Kwa Azakhali Hilda, kumene ndi kufupi, ndi kuseri kwa phiri. Ndiyankhe msanga, ndipo undiuze ngati akupatse tchuthi cha Khirisimasi.

Ndine mlongo wako,
Una

Rawlinna
29 Novembala 1956

Achemwali Una,

Moni wochokera kudziko lopanda mtengo. Kalata yanu yabwera ndi sitima ya zakudya, pamodzi ndi nyama ndi shuga, ndipo ndaiwerengera pansi pa thanki chifukwa ndi pokhapo pali mthunzi. Ndili bwino, kungoti njanji zikutentha moti munthu ungakazingirepo dzira.

Za Bambo zandidetsa nkhawa. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye mundimvere. Belu limenelo lisiye kulira. Makwerero a m'nsanja muja anali ofumbwa kale ine ndili pasukulu, ndipo ndikudziwa kuti Bambo amakwera kukapaka mafuta kumwamba kuja. Tsiku lina mudzawatola pansi. Uzani Wal achotse lilime lake, chitsulo chogunda m'kati chija, nkhani ithe. Masiku ano amamveranso belu ndani? Aliyense ali ndi wotchi pamkono ndi wailesi m'khitchini. Ndiponso pambuyo pa zimene zachitikazi, likadzalira anthu adzangoti mkulu uja wayambanso.

Chinanso. Mnzanga wina kuno mayi ake akusungidwa ndi masisitere ku Perth, ndipo akuti malo ake ndi aukhondo. Taganizirani. Inu simungathe nokha nkhosa, tirigu ndi Bambo. A Dawes akhala akusirira dambo lathu kuyambira kale. Sindikuti tichite mawa, ndikungoti tiziganiza. Vuto lanu simufuna kupempha thandizo, koma mbewa yamanyazi inafera kudzenje.

Tchuthi andipatsa. Ndifika Khirisimasi isanakwane. Ngati jamu wa nkhuyu watsala, mundibisire botolo.

Mlongo wanu wosamva uja,
Cyril

Kwa Amonke, Yalbering
9 Disembala 1956

Cyril,

Tilipo. Wal wakolola munda wa kumpoto. Jamu alipo, ngakhale sukuyenera kumulawa.

Ndakulembera za mantha anga, iwe n'kundiyankha za a Dawes ndi dambo. Kodi mwagwirizana kale mtengo? Ngati ukufuna gawo lako ungonena, usachite kudzera kumakwerero.

Za belu ukulankhula ngati mlendo, ndiye ndikuuze, poti nkhaniyi unkaimva uli ndi chala m'mphuno. Amonke a ku Spain atamanga nyumba yawo yaikulu kumadzulo, kuno anakusandutsa munda wawo wakutali. Anabzala mpesa, maolivi ndi mikuyu, ndipo abusa awo a mtundu wa Noongar anawakumbira zitsime ponseponse pamene nkhosa zinkagona. Atayamba kuchepa, anaitanidwa kubwerera mmodzimmodzi, mpaka kunatsala Abulazala Isidro okha, nkhalamba yokana kusiya mpesa wake. Iwowo ndiwo anapangana ndi anthu a m'chigwa. Anati, "Ine ndizilizabe belu la pemphero la masana. Tsiku limene simudzalimva, bwerani." Ngakhale a mipingo ina anavomera.

Bambo nthawi imeneyo ankawagwirira ntchito, ife tikukhala m'kanyumba ka kumtsinje. Ndikukumbukira Abulazalawo akundipatsa mphesa zouma m'chipewa. Tsiku lina nthawi yokolola belu silinalire. Amuna onse anali m'munda, ndipo anauzana kuti mwina mphepo yatembenuka. Bambo anafikako dzuwa litapendeka. Anawapeza pansi pa masitepe a mosungira vinyo, atathyoka chiuno, thupi likadali lofunda. Amonke atatigulitsa malowa, Bambo anatenga chingwe chija, ndipo sanaphonyepo tsiku ngakhale pamaliro a Mayi. Ukawalanda chimenechi atsala ndi chiyani? Nanga moto ukabuka tidzaitana ndi chiyani, supuni?

Koma ndikuuze chimene chikundidyadi. Sabata yatha nkhosa ina inasowa. Ndinaimva ikulira pansi pa nthaka, kuseri kwa mpesa wakale. Zitsime zija amonke anaziphimba ndi matabwa n'kuthirapo dothi, udzu unamerapo, ndipo amene ankadziwa pamene zonse zili anapita nazo kumanda. Tsopano chiswe chamaliza matabwawo. Wal anaiwombera nkhosayo ali pamwamba chifukwa panalibe njira yoitulutsira. Chichokereni tsiku limenelo ndimayenda ndikugogoda pansi ndi ndodo ngati wakhungu.

Ndiye taganiza. Ine ndikagwa penapake, Bambo masana adzavula chipewa n'kukaliza belu lawo, katatu katatu, ndipo chigwa chonse chidzati kwa Amonke kuli mtendere. Mawa lake chimodzimodzi. Belu lija linali la munthu wokhala yekha. Ife tili awiri, ndipo amene amaliliza si amene amadziwa ngati kuli mtendere. Sindikudziwa chochita nazo. Chimene ndikudziwa n'chakuti iwe usalikhudze.

Bwera ndi nsapato zantchito, mpanda wa kum'mawa wagwa.

Una

Kalgoorlie, pasiteshoni
31 Disembala 1956

Achemwali,

Ndikudikira sitima ya kum'mawa, ndiye ndati ndilembe. Zikomo chifukwa cha Khirisimasi ndi jamu. Mlendo ndi mame, ndaona, koma ndaona zokwanira.

Mukawerenga kalata ino mudzakhala mutadziwa kale, ndipo mudzakhala mutanditukwana mokwanira. Lilime la belu ndatenga ndine. Dzulo titatha kudya, inu ndi Bambo mutagona pang'ono, ndinakwera ndi sipanala. Ndalikulunga m'saka ndipo lili m'chikwama changa, likundithyola phewa. Ndikanalibisa pakhomopo mukanalipeza n'kulibwezera.

Simunaone zimene ndinaona Lachisanu. Ndinawapeza Bambo ali pakati pa makwerero ndi kachitini ka mafuta, thabwa lina litathyoka pansi pa phazi lawo. Nditawatsitsa anandithokoza mwaulemu n'kundifunsa kuti ndine mwana wa yani. Za kugulitsa dambo iwalani, sindinalankhule ndi a Dawes ndipo sindikufuna gawo lililonse. Ndikungofuna ndisadzalandire telegalamu.

Akoka chingwe masiku angapo, osamva kanthu, kenako aiwala ngati mmene akuiwalira zina zonse. Ndinafuna kudzera kwa Azakhali kuti ndiwauze asadabwe, koma amene anandinyamula anali wofulumira. Muwauze ndinu.

Mundikalipire m'kalata, ndidzaiwerenga yonse.

Cyril

Rawlinna
17 Januwale 1957

Achemwali Una,

Moni. Muli bwanji, nanga Bambo? Sitima ya zakudya yadutsa kawiri popanda kalata yanu. Poyamba ndinkati ndi mkwiyo, ndipo ndinkaseka ndekha. Tsopano sindikuseka.

Dzulo pawailesi ya kapitawo ananena za moto kuminda ya tirigu. Anatchula madera angapo, wailesiyo n'kuyamba kukhosomola, ndipo sindinamve ngati kwathu kulipo. Apa m'pamene mawu anu a supuni aja anandibwerera. Munalemba poyera, ine ndinawerenga, koma mutu wanga wonse unali pamakwerero. Ndakusiyani m'chilimwe, ziputu za tirigu zitauma gwaa, mulibe choitanira munthu.

Chitsulochi chili pansi pa bedi langa. Mnzanga wa chipinda akuti tizitsekera chitseko pochita mphepo, ndipo ndinatsala pang'ono kumumenya. Nyundo ikagunda njanji kuntchito, ndimatembenuka ngati ndamva belu. Chakudya sichikulowa.

Ndapempha kuti andilole kubwera, akuti munthu wangochoka kutchuthi sangapitenso popanda chifukwa cholembedwa. Ndilibe chifukwa, ndili ndi chete wanu yekha. Lembani ngakhale mzere umodzi. Ngakhale mungolemba kuti ndine chitsiru, ndidzadziwa kuti dzanja lanu likugwira ntchito.

Ndine,
Cyril

Kwa a Pascoe, Yalbering
22 Januwale 1957

Iwe Cyril,

Ndine azakhali ako Hilda. Ndikupatsa moni chifukwa ndinaleredwa bwino, osati chifukwa ukuyenera. Makalata ako awiri tawapeza dzulo m'mgolo wolandirira makalata wa kumsewu, poti panalibe woganiza za makalata. Moto sunafike kuno. Una ali moyo, bambo ako ali moyo. Khala pansi uwerenge.

Lolemba lomaliza chaka ndinali m'khitchini. Ine mbatata ndimaika pamoto belu likalira, kuyambira ndili mtsikana. Ndinasenda, n'kudikira. Madzi anawira mpaka kutsala pang'ono kuphwa. Wal analowa kufuna chakudya, ndinati, "Wamva belu?" Iye anati, "Mwina amalume aiwala, Mayi. Kapena ndi mphepo." Mawu a mphepowo ndinawamvapo kale tsiku lina, ndipo tinaika munthu m'manda. Ndinati, "Achimwene anga angaiwale dzina langa, koma osati belu. Liza lole." Anayamba zoti adye kaye. Ndinamuuza kuti akapanda kuliza ndiyendetsa ndekha, ndipo akudziwa zimene ndinachita nacho chipata ulendo watha.

Tinapeza chitseko chili pululu, tiyi wa m'mawa atazizira patebulo. M'nsanja chingwe chinali lende, munthu palibe. Tinaitana mpaka mawu kusasa. Kenako galu wa pakhomopo anatitsogolera kumikuyu ya kumusi kwa mpesa.

Matt anali chafufumimba m'mphepete mwa dzenje, opanda chipewa, dzuwa likuwaotcha pakhosi. Anali atadula waya wa mpanda ndi manja, zala zili magazi okhaokha, n'kumangirirako botolo la madzi, n'kulitsitsira pansi. Munthu amene sadziwa kumanga zingwe za nsapato zake. Atandiona anati, "Hilda, fulumira. Abulazala ali pansipa, akupuma. Ulendo uno ndafika nthawi yabwino."

Wal anatsika ndi chingwe chomangirira kulole. Anamutulutsa Una mwendo utathyoka pawiri, nthiti zingapo zitapita, milomo itachita kuwauka. Adokotala akuti akanagona m'menemo sakanamupeza wamoyo. Wakhala kuchipatala, ine ndikusunga bambo ako. Telegalamu sindinatumize. Ukanatani nayo kumeneko, kupatula kulira pamaso pa anzako?

Wal atakwera m'nsanja kukaona chimene chavuta, anatsika atatutumuka, akuti belu alidula lilime. Ndinadziwa pompo kuti ndi ntchito ya manja ako. Sindikudziwa ngati ndikukwapule kapena ndikuphikire keke. Una walimbikira kubwerera kunyumba sabata ino, ndipo akulembera yekha.

Uzidya. Ndamva kuti waonda.

Azakhali ako,
Hilda Pascoe

Kwa Amonke, Yalbering
10 Febuluwale 1957

Mlongo wanga Cyril,

Ndiwe chitsiru. Wati ukufuna mzere umodzi, ndi umenewo. Tsopano moni. Ndili kunyumba, mwendo uli m'chikhakha, ndikuyenda ndi ndodo ziwiri. Bambo ali bwino m'thupi. Makalata ako ndawerenga onse, ndipo za dambo ndakumva.

Ndinapita kukathyola nkhuyu kuti ndiphike jamu wina, poti iwe unanyamula womaliza. Ndodo ndinaisiya chifukwa manja onse anali ndi ndowa, ndiponso pamalo amenewo ndapondapo moyo wanga wonse. Sindinamve kuthyoka kulikonse. Ndinangoona mikuyu ikukwera kumwamba.

Pansi panali matope ofika m'chiuno, ozizira, ndi fungo la chinthu chakufa kale. Mwendo sindinafune kuuyang'ana. Kumwamba kunkaoneka kwakung'ono ngati mbale. Ndinakuwa mpaka nthiti zinandiletsa, koma Bambo ndinawasiya pakhonde, ndipo ukudziwa makutu awo. Kenako ndinangoyang'ana kuwala kwa dzuwa kukutsika pang'onopang'ono pakhoma la chitsimecho. Ndinadziwa kuti kukafika pa ine ndiye masana, ndipo Bambo avula chipewa.

Cyril, ndakulira pansi pa belu limenelo, koma tsiku limenelo ndinapemphera kuti lisalire. Ndinapempha kuti Bambo aiwale, agone, chingwe chiduke. Ndinkadziwa kuti likangolira, Azakhali aika mbatata pamoto, a Dawes ayang'ana wotchi yawo, ndipo ine ndikhala ngati nkhosa ija, wopanda ngakhale Wal wodzandiwombera. Kuwala kunafika pamapewa anga. Ndinatseka maso kudikira kugunda koyamba. Kunali zii. Kuwala kunayamba kukweranso khoma linalo, kuli zii. Apo mantha ena anandigwira, ndinati ndiye kuti Bambo agwa pamakwerero, pemphero langa lawapha.

Kenako ndinamva mawu awo chapatali, akuthamanga uku ndi uku, akuitana, "Abulazala! Abulazala Isidro!" Anakoka chingwe, sanamve belu, ndipo mutu wawo unabwerera kutsiku lija. Ndinatsala pang'ono kukuwa kuti ndine Una. Koma ndinaopa kuti dzina limenelo liwasokoneza, aima n'kuyamba kudabwa kuti Una ndani. Ndiye ndinakuwa kuti, "Ndili kuno, Matt!" Anabwera molunjika. Anakhala nane mpaka lole inafika, akundiuza kuti ndisaope, mpesa authirira.

Tsopano tamvera, chifukwa nkhani sinathe. Unati aiwala pakapita masiku angapo. Sanaiwale. Masana alionse amavula chipewa, amakoka chingwe, samva kanthu, nkhope imasintha, n'kuyamba kuthamanga kukafuna Abulazala. Wal wakhomera malata pachitsime chija, koma zina zija sitikuzidziwa, ndipo ine ndi ndodozi sindingawapeze. Ndimangoima pakhonde kuitana kuti, "Ndili kuno, Matt," mpaka atabwerera. Dzana sanandimve msanga, anafika mpaka kumpanda wa kum'mawa.

Wal anapachika chitsulo cha pulawo kuti ndizimenya, koma kulira kwake sikudutsa phiri, ndipo Bambo akuti limenelo si belu. Ndiye Azakhali alamula kuti masana alionse, popeza belu silikumveka, Wal azibwera. Iye anati, "Koma Mayi, tikudziwa kale kuti lilime kulibe." Iwo anati, "Tsiku limene tidzazolowere chete ameneyu ndi tsiku limene tidzawaphe." Sabata yoyamba ankafika fumbi lili m'mwamba, injini isanazime iye watsika kale. Sindikumudandaula, ali ndi nkhosa zake ndi mkazi woyembekezera. Koma Lachinayi anafika titatha kudya. Dzulo anafika nthawi ya tiyi, akuimba mluzu, n'kundifunsa ali m'lole momwemo kuti, "Mukadalipo, asuweni?" Ndinaseka naye. Atapita ndinakhala pakhonde n'kumayang'ana nsanja.

Ndaganiza chochita. Makwerero Wal wawachotsa, ukhoza kugona. Pachitseko cha nsanja taikapo loko, ndipo kiyi ili pakhosi panga. Belu ndiziliza ine, Bambo atagwira chingwe pamodzi nane. Tsiku limene ine sindidzafika pachitseko chimenecho, silidzalira. Umu ndi mmene Abulazala anapanganira, ife tinangosokoneza.

Usadikire tchuthi, ndipo usadikire kuti ulibweretse wekha kuti ndikuone nkhope yachisoni. Ulikulunge m'saka lomwe lija, ulembepo dzina la Wal, ulikweze sitima yoyamba yopita kumadzulo. Litumize anthu asanazolowere, Cyril.

Ndine mlongo wako,
Una